Pepala Limene Silinanene Kanthu

1. Namawu

Pa kampani ina yopanga mipando ndi madesiki panali mtsikana amene anthu ankamutcha Namawu. Dzinali sanabadwe nalo. Analitola kusukulu, kumene ankapambana mpikisano wa zolembalemba chaka ndi chaka, ndipo linamutsatira mpaka kuntchito.

Anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu. Atalemba mayeso otsiriza a kusekondale, achimwene ake anamupezera malo mu ofesi kuti azithandiza kulemba makalata podikira zotsatira. Achimwenewo ndiwo ankayendetsa makina opalira matabwa, ndipo pakampani ponse panalibe wina wololedwa kuwakhudza. Ndiwonso anamulera ndi kumuphunzitsa chimwalirireni bambo awo, moti mpaka pano ankakhala m'nyumba mwawo. Iwo sukulu analekera panjira, koma nkhani ikakhala ya mlongo wawo ankalankhula ngati mayesowo alemba ndiwo.

Namawu ankayenda ndi kabuku kofiira m'thumba. Akamva mawu aatali pa wailesi, kapena akawaona m'makalata a abwana, ankawalemba m'menemo: ndondomeko, kuunikira, okhudzidwa, masomphenya, kuthekera. Mawu otere anthu ena amawasunga ngati suti ya pa ukwati. Iye ankawavala tsiku ndi tsiku. Ukamufunsa kuti ketulo ili kuti, ankatha kukuyankha kuti nkhani ya ketuloyo ikuunikidwa.

Amene iye ankawasirira kwambiri anali abwana. Abwanawo ankatha kukana pempho la munthu ndi kalata ya masamba awiri yopanda mawu oti ayi, munthu n'kutuluka akuthokoza. Kwa Namawu kumeneko ndiye kunali kuphunzira.

2. Uthenga wa a Sipanala

Lachiwiri m'mawa Namawu anafika moyambirira monga mwa masiku onse kuti atsegule mazenera a ofesi. Anapeza amakanika a pakampanipo atagwada pa makina opalira. Anali bambo wa imvi, wosalankhulalankhula, ndipo aliyense ankawatcha a Sipanala. Anali ndi chizolowezi choyendera makina onse anthu asanafike.

"Mwanawe, tabwera kuno," anatero. "Ukuuona mpeni uwu? Mabawuti awiri ougwira atha, sakumanganso. Makina awa akayatsidwa lero mpeni uthawa. Ndipo ukamathawa susankha kuti uyu ndi m'bale wa yani."

"Ndiye titani, bambo?"

"Mabawuti otere kuno kulibe. Ndikukwera basi yoyamba kukawafuna, ndibwera madzulo. Ndikanazula fuzi, koma bokosi la magetsi ndi lokhoma ndipo kiyi ali ndi abwana. Achimwene ako anyamuka ndi lole mbandakucha kukatenga matabwa, foni yawo sikupezeka. Ine magalasi ndaiwala kunyumba, komanso zolemba zanga ndi za nkhuku yopalasa. Ndiye tenga pepala lalikulu ulembe ndi zilembo zikuluzikulu kuti: MUSAYATSE. MPENI UTHAWA. Ulimate pa swichi penipeni, munthu asaipeze popanda kuchotsa pepalalo. Abwana akangofika uwauze azule fuzi. Wamva?"

"Ndamva, bambo."

"Tabwereza ndimve."

Namawu zinamuwawa. Iyeyo, wopambana mipikisano, azibwereza mawu atatu ngati mwana wa sitandade wani?

"Bambo, kulemba ndiye ntchito yanga," anayankha. "Pitani musasiyidwe ndi basi."

A Sipanala anamuyang'ana kanthawi. Kenako anapukuta manja pa ovolosi n'kumapita.

3. Chidziwitso

Namawu anatenga pepala ndi cholembera chakuda n'kulemba mawu atatu aja monga anauzidwira. Ataliimika patebulo kuti alione bwino, nkhope yake inakwinyika. Mawuwo ankaoneka ngati zolemba za pa khoma la chimbudzi. Aliyense akanatha kulemba choncho, ngakhale mlonda wa pageti.

Panalinso china. Pakampani ponse iye ndiye anali wamng'ono. Amuna a m'chipinda cha makina ena anali a msinkhu wa malemu bambo ake. Angawalamule bwanji kuti musayatse, ngati akuthamangitsa ana pa mtengo wa zipatso? Nanga abwana? Panali madesiki mazana atatu ofunika kutuluka Lachisanu, ndipo abwanawo anali atanena kale kuti sabata ino safuna kumva zoti chinachake chawonongeka.

Anafinya pepala lija n'kuliponya m'bini. Anatulutsa kabuku kofiira, anayatsa kompyuta, n'kukhala pansi bwinobwino. Ntchito ya mphindi imodzi inamutengera ola lathunthu. Chimene chinatuluka ndi ichi:

CHIDZIWITSO KWA ONSE OKHUDZIDWA

Potsatira kuunikira kumene kwachitika posachedwapa ndi mbali yoona za luso, zadziwika kuti zina mwa zipangizo zathu zikukumana ndi zovuta zingapo zimene zili ndi kuthekera kosokoneza kayendedwe kabwino ka ntchito. Pachifukwa ichi, onse okhudzidwa akulimbikitsidwa kulingalira mozama za kagwiritsidwe ntchito ka zipangizozi, mogwirizana ndi masomphenya a kampani, kufikira pamene ndondomeko zoyenera zidzakhazikitsidwe. Mgwirizano wanu pa nkhaniyi udzayamikiridwa kwambiri.

Pepalalo anakalimata ndi selotepi pamwamba pa swichi, osati pa swichi penipeni, kuopa kuti lingakwinyike.

Anthu atayamba kufika anaunjikana pamenepo. Bambo wina wopaka vanishi analiwerenga mokweza, akupunthwa pa mawu ena n'kudzukanso.

"Eee, koma mwana ameneyu!" anatero atamaliza. "Ameneyu tidzamumvera pa wailesi."

Onse anaseka, ena n'kuwomba m'manja. Mtima wa Namawu unasefukira. Koma mayi wina wosoka makushoni, amene anali atamvetsera atapendeketsa mutu, anafunsa kuti, "Nanga akuti tichite chiyani?"

"Zonse zili pomwepo, mayi," anatero Namawu.

"Akuti tizisamala zida," anatero wopaka vanishi uja. "Ngati chija cha mwezi watha."

Zinalidi zoona kuti makoma a chipindacho anali odzaza ndi mapepala a mtundu umenewu, ochokera kwa abwana, ena atasanduka achikasu. Palibe amene anavulalapo chifukwa chosawawerenga. Namawu anamva kuti bamboyo waphonya, koma kumukonza pagulu kukanakhala kuvomera kuti pepala lake silikumveka. Anangoti mumtima, makinawo amayatsa ndi achimwene okha, akabwera ndiwauza ndekha.

Abwana anafika foni ili kukhutu. Namawu anawatsatira mu ofesi n'kudikira kuti amalize.

"Bwana, a Sipanala anati makina opalira ali ndi timavuto tina tofunika kutiunikira."

"Makina onse ali ndi timavuto, mwana wanga. Ndachiona chidziwitso chako. Uku ndiye kulemba! Tsopano tenga makalata awa ukasiye ku sukulu ija yaitanitsa madesiki. Ukaonetsetse kuti asainira."

Foni inaliranso. Namawu anaima pakhomo pang'ono, mawu a fuzi ali pamlomo. Abwana anamuuza ndi dzanja kuti azipita, ndipo anapita.

4. Utuchi

Ku sukulu kuja anamudikiritsa. Mphunzitsi wamkulu anali pamsonkhano, ndipo minibasi yobwerera inachedwa kudzaza. Anafika pakampani nthawi ya nkhomaliro itapitirira.

Chimene anayamba kuzindikira ali pageti ndi bata. Masiku onse phokoso la makina linkamveka kuchokera kumsewu. Lero kunali zii. Lole inali itaima pabwalo, matabwa asanathe kutsitsidwa. Anthu anali ataima timagulu panja, ndipo atamuona anayang'ana kumbali.

Analowa m'chipinda cha makina. Mlonda ankathira utuchi pansi ndi fosholo, koma utuchiwo unkangofiira. Thabwa limodzi linali pakamwa pa makina opalira, litangolowa pang'ono. Chidutswa cha mpeni chinali chitazika m'chitseko cha kabati, kutali ndithu. Pepala lake linali pomwe analisiya, loyera, losakwinyika.

Mayi wosoka makushoni uja anamugwira pamkono n'kumukhazika pa benchi.

"Limba mtima, mwanangu. Achimwene ako ali moyo. Athamangira nawo kuchipatala pa galimoto ya abwana. Koma dzanja lamanja lavulala kwambiri."

"Sanaliwerenge pepala?" anafunsa Namawu.

"Analiwerenga. Kawiri konse. Anaitana ndi adalaivala a lole kuti adzaone mmene mlongo wawo amalembera. Ankaseka, akuti sukulu ija sinapite pachabe. Kenako anafunsa kuti zipangizo zake ndi ziti, ife tinati kaya, mwina akunena zonse. Ndiye anati nthawi yatha, n'kuyatsa."

Namawu sanalire. Maso ake anali pa fosholo ya mlonda imene inkapita ndi kubwera.

5. Mawu a pa benchi

Kuchipatala anapeza amayi ake ndi alamu ake, akazi a achimwenewo, atakhala pansi m'khonde. Maso awo anali otupa. Namwino anali atawauza kale: zala zitatu zapita, ndipo madokotala akulimbana kuti apulumutse chala chachikulu. Wovulalayo anali asanatsitsimuke ku mankhwala ogonetsa.

"Makina amenewa akhala nawo zaka khumi ndi ziwiri," amayi ankangobwereza. "Zatheka bwanji?"



Dzuwa litapendeka a Sipanala anatulukira. Kudzanja lina ananyamula kajumbo ka mabawuti atsopano, kwinaku pepala lija, atalimatula pa makina. Anapepesa amayi ndi alamu mwaulemu, kenako anakodola Namawu. Anatuluka naye panja n'kukhala pa benchi ya simenti pafupi ndi mpopi.

"Ndaliwerenga m'basi mommuja... ayi, ndikunama, ndaliwerenga pakampani, wina atandibwereka magalasi," anayamba. "Ndaliwerenga katatu, ine mwini wake wa uthenga. Sindinapezemo makina opalira. Sindinapezemo mpeni. Sindinapezemo poti munthu asachite chakuti. Ndinakutuma ndi mawu atatu, iwe wabweretsa mawu makumi asanu, atatu ajawo mulibe. Akulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Lero ndaziona ndi maso."

"Bambo, ndimafuna lioneke laulemu."

"Ulemu? Tamvera, mwanawe. Ukaona munthu wamkulu akuponda pamene pali njoka, sugwada n'kuyamba moni. Umakuwa kuti njoka! Ulemu wake ndi umenewo. Akapulumuka mudzapatsana moni bwino. Iwe unaopa kulamula akuluakulu, koma sunaope kuwasiya apite ku mpeni.

"Ndipo usandinamize kuti unali ulemu wokha. Unkafuna akuwombere m'manja. Ndamva kuti anawombadi. Munthu akamalemba amayang'ana malo amodzi mwa awiri: kapena akuyang'ana amene adzawerenge, kapena akudziyang'ana yekha pagalasi. Iwe unali pagalasi. Ukanaganiza za achimwene ako, munthu wotopa, wotsika lole ndi njala, wothamangira madesiki, ukanadziwa kuti ali ndi kanthawi kochepa kokha koyang'ana pepala. Kanthawi kameneko unakadya ndi masomphenya a kampani.

"Ine sindinapite patali ndi sukulu, koma ntchito yanga inandiphunzitsa chinthu chimodzi. Bawuti iliyonse pa makina imagwira kanthu. Imene sikugwira kanthu timaichotsa, chifukwa tsiku lina idzagwera m'kati n'kuswa zonse. Mawu ndi chimodzimodzi. Usanalembe uzidzifunsa: ndani achite chiyani, liti, ndipo akapanda kutero chichitike n'chiyani? Ngati sungathe kuyankha pakamwa, kwa mwana wa zaka khumi, ndiye kuti iwe mwini sukudziwa chimene ukunena. Ndipo ngati ukudziwa koma ukuzungulira dala, pamenepo ndiye poipa kwambiri, chifukwa ukubisa.

"Mawu aataliwa si oipa. Ali ndi malo ake. Koma ndaona anthu ambiri akubisalamo ngati m'tchire. Wina akabisalamo, amene amalumidwa ndi wina."

Anatembenuza kajumbo ka mabawuti m'manja.

"Nanenso ndili ndi mbali yanga, ndipo sindiithawa. Ndikanadula waya ndi pulayala, abwana akalipe madzulo. Ndikanadikira kuti ndione pepalalo ndi maso anga. Ndinathamangira basi. Zimenezo ndidzanena kwa aliyense wondifunsa, m'mawu omwewa. Za mbali yako, uona wekha."

Anaika pepala lija pamiyendo pa Namawu n'kudzuka. Apo m'pamene misozi inabwera, yambiri, mpaka anthu odzatunga madzi pampopi ankamutembenukira.

6. Lipoti

M'mawa mwake abwana anafika msanga kuposa masiku onse. Anamuitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Pepa ndi zimene zachitika, mwana wanga. Tonse takhudzidwa. Koma pali ntchito. Nthawi ya teni kukubwera woyendera za chitetezo cha anthu pantchito, ndipo afuna lipoti. Khala pa kompyuta, ndizinena iwe uzilemba."

Namawu anakhala pansi. Abwana anayamba kuyendayenda, manja ali kumbuyo.

"Lemba kuti: Kampani ikudandaula ndi chochitika chosayembekezereka chimene chinadza kaamba ka zifukwa zosiyanasiyana. Ngakhale chidziwitso choyenera chinaperekedwa mu nthawi yake kwa onse okhudzidwa, zikuoneka kuti panali kusatsatira kwina kwa malangizo kumbali ya wogwira ntchito."

Zala za Namawu zinaima.

"Bwana, wogwira ntchito wake ndi achimwene?"

"Sitikutchula munthu."

"Koma amene anavulala ndi mmodzi. Lipoti limeneli likapita, iwowo ziwathera bwanji?"

"Nkhani yawo idzaunikidwa mogwirizana ndi ndondomeko za kampani."

Mawu amenewa Namawu anali atawalembapo kambirimbiri, ndipo ankawakonda. Lero anawamva ali mbali inayo, mbali ya munthu wodikira yankho.

"Achotsedwa ntchito?"

"Sindinanene choncho."

"Nanga mwanena chiyani, bwana?"

Abwana anasiya kuyendayenda. Anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana naye, ndipo kwa nthawi yoyamba chiyambireni ntchito Namawu anawamva akulankhula mosapsatira.

"Chabwino. Ngati munthu anachenjezedwa n'kuyatsa dala, mlandu ndi wake. Ntchito yatha, ndipo kampani ilibe naye kanthu. Ngati sanachenjezedwe, mlandu ndi wa kampani, ndipo afunsa kuti pepala lija analemba ndani. Dzina lako lidzalowa m'mabuku awo, ndipo kulikonse kumene udzafunsire ntchito lidzakutsatira. Ndiwe mwana wanzeru, uli ndi tsogolo. Ndimaganiza zokulemba ntchito yokhazikika mwezi wamawa. Achimwene ako dzanja lapita kale, sungalibweze. Usataye zonse ziwiri."

Mlonda anagogoda kunena kuti mlendo wafika pageti nthawi isanakwane. Abwana anadzuka msanga.

"Ndikamuzungulitsa kaye m'chipinda cha makina. Maliza monga ndanenera, usindikize, ubweretse."

Namawu anatsala yekha. Mantha anamugwira zedi. Anafafaniza zonse zimene abwana ananena n'kuyamba pamwamba. Ulendo uno sizinamutengere ola.

1. Lachiwiri m'mawa amakanika anapeza kuti mabawuti awiri ogwira mpeni wa makina opalira atha.
2. Anandiuza ine kuti ndilembe kuti, "Musayatse, mpeni uthawa," ndimate pa swichi, ndiponso ndiuze abwana azule fuzi.
3. Sindinalembe mawu amenewo. Ndinalemba ena amene sanatchule makinawo, mpeni, kapena kuletsa kuyatsa.
4. Abwana ndinangowauza kuti pali timavuto. Za fuzi sindinanene. Iwo sanafunse zambiri.
5. Woyendetsa makina anawerenga pepala langa kawiri. Anafunsa kuti likunena makina ati, ndipo palibe amene anadziwa.
6. Palibe amene anamuuza kuti asayatse. Iye sanaphwanye langizo lililonse.

Anasindikiza mapepala awiri n'kusaina onse. Limodzi analipinda n'kuika m'thumba. Linalo analiphatikiza ndi chidziwitso chake chija n'kupita nalo ku chipinda cha makina.

Woyenderayo anali mayi wa magalasi, wonyamula faelo. Abwana anatambasula dzanja kuti alandire lipoti, koma Namawu anawalambalala n'kulipereka kwa mayiyo ndi manja awiri.

Mayiyo anawerenga ataimirira. Anawerenganso chidziwitso chija, nsidze zikukwera pang'onopang'ono.

"Mwalemba ndinu zonse ziwiri?"

"Ndine, mayi."

"Mukudziwa kuti lipoti ili likukuikani inuyo pa mlandu?"

"Ndikudziwa."

"Amakanika andiuza zofanana ndi izi. Ngati zili chonchi, wovulalayo alibe mlandu, ndipo palibe amene angamuchotse ntchito chifukwa cha ngoziyi." Anatembenukira kwa abwana. "Tiyeni mu ofesi, bambo. Ndikufuna ndione kumene mumasunga kiyi wa bokosi la magetsi."

Abwana podutsa sanamuyang'ane Namawu. Anangonena chapansipansi kuti, "Tenga chikwama chako. Usadikire mwezi wamawa."

7. Nthawi yoona odwala

Masana Namawu anapita kuchipatala. Achimwene ake anali atadzuka, atatsamira pilo, dzanja lokulungidwa ndi bandeji lili pachifuwa. Amayi anakhala kumiyendo kwa bedi. Alamu ankawamwetsa tiyi ndi supuni.

Atamuona, achimwenewo anayesa kumwetulira.

"Wabwera, mlongo wanga? Usalire. Ndine ndinapupuluma. Pepala lako lija linali lozama, mutu wanga uwu ndi umene unalephera kulimva. Ukuona kuipa kosiyira sukulu panjira?"

Mawu amenewa anamulasa Namawu kuposa onse a a Sipanala. Akanatha kungokhala chete, nkhani n'kuthera pomwepo, achimwene ake n'kumadziimba mlandu moyo wawo wonse. Anatulutsa pepala m'thumba.

"Achimwene, ntchito yanu ili bwino, sakuchotsani. Koma pali zimene muyenera kumva. Ndalemba lipoti ili."

Iwo anayamba kutukula dzanja lamanja kuti alandire, monga anazolowera, kenako analibweza.

"Tandiwerengera."

Anawerenga mizere yonse isanu ndi umodzi, osadumpha, osawonjezera. Supuni ya alamu inaima m'malere. Amayi anagwira pakamwa. Ngakhale wodwala wa pa bedi loyandikana anasiya kubuula.

"Bwerezanso wachiwiriwo," anatero achimwene.

Anabwereza.

"Limeneli ndiye ndalimva lonse," anatero pang'onopang'ono. "Palibe ndi liwu limodzi londivuta. Kodi mawu amenewa dzulo unali nawo?"

"Ndinali nawo, achimwene."

Anamuyang'ana nthawi yaitali. Sanakalipe, sanatukwane. Anayang'ana bandeji ija, kenako anatembenukira kukhoma.

"Achimwene, ndikhululukireni."

Nkhope yawo inakhalabe kukhoma. Amayi anayamba kulira mwakachetechete, osadziwa kuti agwire mwana uti. Belu linalira, ndipo namwino anayamba kutulutsa anthu.

Namawu anatuluka. Asanafike pa masitepe anamva mapazi kumbuyo. Anali alamu ake. Maso awo anali ouma tsopano.

"Wachita bwino kunena zoona," anatero. "Ana anga adya chifukwa cha lipoti lakolo. Koma bambo awo akadzatuluka muno, ndine ndidzawamange mabatani m'mawa uliwonse, ndipo sindingathe kuchita zimenezo iwe uli patebulo ukumwa tiyi."

Anatambasula dzanja.

"Bweretsa kiyi wa kunyumba."

Namawu anapisa m'chikwama, anamasula kiyiyo pa kachingwe, n'kumuika m'dzanja la alamu ake. Iwo anabwerera ku wodi osacheuka.

Panja dzuwa linali likadali pamutu. Pageti la chipatala makondakitala ankakuwa mayina a malo osiyanasiyana, aliyense akukokera anthu ku minibasi yake. Mmodzi anamuthamangira n'kumugwira chikwama.

"Asisi, mukupita kuti?"